Kasankhidwe ka Galimoto Yodalirika pa Mipikisano ya Mtunda Wautali

Nkhani ya lero pa wailesi ino ikukhudza mipikisano ya magalimoto yoyenda mtunda wautali, ndipo funso limene ikuyankha ndi lakuti galimoto yoyenera ulendo wotere imasankhidwa motani. Mipikisano imeneyi imasiyana kwambiri ndi ija yochitikira m'bwalo, momwe magalimoto amanyamuka pamodzi n'kumazungulira malo amodzimodzi kwa ola limodzi kapena awiri, chifukwa iyo imatenga masiku ambiri, nthawi zina milungu ingapo, ndipo imadutsa m'misewu wamba ya mayiko osiyanasiyana, yaphula ndi yafumbi yomwe. Galimoto iliyonse imanyamuka payokha, itanyamula dalaivala ndi mnzake wolondolera njira, ndipo ulendo wonse umagawidwa m'zigawo zokhala ndi nthawi yoikika. Amene wafika mochedwa pamalo olembetsera amapatsidwa chilango molingana ndi mphindi zimene wachedwa, ndipo wopambana ndi amene chilango chake chachepa kuposa cha anzake onse pamapeto pa ulendo. Kawerengedwe kameneka ndi kamene kamalamula kasankhidwe ka galimoto, pakuti mphindi zonse zimene galimoto yaliwiro ingapindule pa masiku angapo zimatha kutayika mu ola limodzi lokha limene yafa m'mbali mwa msewu.

Ziwerengero za m'mbiri zikusonyeza kukula kwa vutoli. Mu 1963, pa mpikisano wa East African Safari umene unkadutsa ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, magalimoto 84 ananyamuka koma 7 okha ndi amene anamaliza. Mu 1968, pa ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000 wochokera ku London kukafika ku Sydney, mwa magalimoto 98 panafika 56. Mu 1970, pa mpikisano wochokera ku London kupita ku Mexico City, umene anaukonza pa nthawi ya chikho cha mpira wa miyendo cha dziko lonse ndipo unali wa makilomita oposa 25,000, magalimoto 96 anauyamba ulendo koma 23 okha ndi amene anaona mathero ake. Choncho mdani woyamba wa munthu wolowa mpikisano wotere ndi msewu womwewo, ndipo galimoto yodalirika ndi imene siwonongeka kawirikawiri, komanso imene ikawonongeka eni ake angathe kuikonza pomwepo, ndi zida zimene anyamula kapena zimene zingapezeke m'tauni yapafupi.

Choyamba chimene munthu wofuna galimoto ayenera kuwerenga ndi malamulo a mpikisanowo pamodzi ndi mapu a njira yake, asanapite kukaona galimoto iliyonse. Malamulo amanena zaka za magalimoto ololedwa, kukula kwa injini, zimene zingasinthidwe ndi zimene ziyenera kukhala monga zinachokera ku fakitale, ndiponso ngati gulu la amakaniko likuloledwa kutsatira galimoto pambuyo kapena ayi. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa galimoto imene amakaniko amaiphwasula ndi kuimanganso madzulo aliwonse ingathe kukhala yapamwamba ndi yovuta kukonza, pamene galimoto imene anthu awiri otopa ayenera kuisamalira okha iyenera kukhala yosavuta m'mapangidwe ake onse. Mapu nawo amanena ngati m'njiramo muli mchenga, matope, miyala kapena mapiri aatali, komanso mtunda umene uli pakati pa malo omwetsera mafuta. Phunziro limeneli linaoneka kale mu 1907 pa ulendo wochokera ku Peking kupita ku Paris, pamene mwa magalimoto asanu amene ananyamuka, kagalimoto kopepuka ka matayala atatu kotchedwa Contal kanasiyidwa m'chipululu cha Gobi, pomwe Itala yolimba ya Scipione Borghese, amene anatenga makaniko wake Ettore Guizzardi, inafika ku Paris patapita miyezi iwiri.

Chachiwiri ndi injini, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, poganiza kuti mpikisano ukufuna injini yamphamvu kuposa zonse. Injini imene yafinyidwa kuti itulutse mphamvu zambiri poyerekeza ndi kukula kwake imazungulira mofulumira, imatentha kwambiri ndipo imafuna petulo wabwino, zinthu zimene zimafupikitsa moyo wake pa ulendo wa milungu ingapo. Pa mpikisano wa London kupita ku Sydney mu 1968, Roger Clark anatsogola mbali yaikulu ya ulendo ali mu Lotus Cortina, galimoto imene inali pakati pa zaliwiro kwambiri pa mpikisanowo, koma atafika ku Australia injini yake inawonongeka, ndipo pambuyo pake difu, chipangizo chimene chimagawira mphamvu ku matayala awiri akumbuyo, inathyokanso. Amene anapambana anali Andrew Cowan, Colin Malkin ndi Brian Coyle, ali mu Hillman Hunter, galimoto wamba yonyamula banja imene anthu ochepa ankaiganizira, ndipo wachiwiri anali Paddy Hopkirk mu Austin 1800, galimoto inanso imene sinkadziwika ndi liwiro.

Kampani ya Ford, mwini wake wa Lotus Cortina ija, inatolapo phunziro, ndipo pokonzekera ulendo wa ku Mexico mu 1970 inasiya injini yake ya mipikisano yotchedwa Twin Cam n'kuika m'magalimoto ake a Escort injini ya Kent, yamapangidwe akale ndi osavuta, imene inkapezeka m'magalimoto wamba a kampaniyo. Akatswiri ake anaikulitsa kuchoka pa 1600 kufika pafupifupi 1850 cc, mlingo umene umayeza kukula kwa masilinda a injini, kuti izikoka bwino popanda kuikakamiza kuzungulira mofulumira. Hannu Mikkola ndi Gunnar Palm anapambana, ndipo mwa magalimoto asanu ndi atatu oyamba kufika, asanu anali ma Escort, kuphatikizapo imene munali Jimmy Greaves, katswiri wa mpira wa miyendo wa ku England amene sanali dalaivala wa mipikisano, koma pamodzi ndi Tony Fall anamaliza pa nambala 6. Mawu akuti kuthamanga sikufika amagwira ntchito ngakhale pa masewera amene anthu amawadziwa ndi liwiro.

Zifukwa zosankhira injini yofatsa n'zomveka zikafotokozedwa chimodzichimodzi. M'madera akutali petulo amakhala wosadalirika, ndipo injini imene pisitoni yake imapanikiza kwambiri msanganizo wa petulo ndi mpweya usanayake imayamba kugogoda ikamwa petulo wofooka, kugogoda kumene kungabowole pisitoni yomweyo. N'chifukwa chake okonza magalimoto a maulendowa amatsitsa dala mlingo wa kupanikizako, ngakhale mphamvu zichepe. M'mapiri aatali mpweya umapepuka, moti injini yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wowonjezera m'masilinda, imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene yakwera, ndipo m'mapiri a Andes, momwe njira ya mu 1970 inakwera kupitirira mamita 4,000, galimoto inkatsala ndi mphamvu zochepa kwambiri, pamene madalaivala nawo ankavutika kupuma. Injini yaikulu pang'ono, yokoka bwino ikamazungulira pang'onopang'ono, imapirira zimenezi kuposa yaing'ono yofinyidwa. Fumbi nalo limadya injini mkati ngati sefa ya mpweya ndi yaing'ono kapena yaikidwa potsika, ndipo rediyeta, imene imaziziritsa madzi a injini, imatsekeka ndi matope ndi njere za udzu, kotero galimoto yoyenera ndi imene ili ndi malo okwanira kuikamo sefa ndi rediyeta zazikulupo.

Chachitatu, chimene akatswiri ambiri amachiona kukhala chachikulu kuposa injini, ndi miyendo ya galimoto, kutanthauza masipuling'i ndi mashoko pamodzi ndi zitsulo zonse zimene zimalumikiza matayala ku thupi la galimoto. Sukulu yaikulu ya nkhaniyi inali mpikisano wa Safari, umene unayamba mu 1953 pokondwerera kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth yachiwiri, ndipo unkachitika pa nyengo ya Pasaka, pamene mvula yaikulu imagwa kum'mawa kwa Africa. Ulendo wake unkafika makilomita pafupifupi 5,000, usana ndi usiku, m'misewu yosatsekedwa momwe munkayendanso mabasi, malole ndi ng'ombe. Kukakhala kouma, msewu wafumbi umachita timizere topingasa ngati malata, ndipo galimoto ikathamangapo kwa maola angapo mashoko amatentha mpaka mafuta a m'kati mwake kuchita thovu, kenako amaleka kugwira ntchito, galimoto n'kuyamba kudumphadumpha mpaka kuthyola masipuling'i kapena kung'amba chitsulo chimene shokoyo yamangidwapo. Mvula ikagwa, dothi lakuda la makande, lomwe alimi a m'chigwa cha Shire amalidziwa bwino, limasanduka phala lomata limene limadzaza malo onse ozungulira tayala mpaka galimoto kulephera kuyenda.

M'misewu yotereyi ndi mmene Peugeot 404 inapangira dzina lake. Nick Nowicki anapambana nayo Safari mu 1963 ndi mu 1968, zaka ziwiri zimene magalimoto 7 okha anamaliza ulendo, ndipo Bert Shankland wa ku Tanzania anapambananso nayo mu 1966 ndi mu 1967. Mng'ono wake, Peugeot 504, anapambana mu 1975 ndi Ove Andersson komanso mu 1978 ndi Jean-Pierre Nicolas. Magalimoto amenewa sanali amphamvu kwenikweni, koma miyendo yake inali ndi mpata wautali wokwera ndi kutsika, zimene zinkathandiza kuti tayala limeze dzenje m'malo mokankhira mphamvu yonse ya kugundako ku thupi la galimoto, ndipo mimba yake inali patali ndi nthaka. Mosiyana ndi zimenezi, Lancia Stratos, imene inatenga ukatswiri wa dziko lonse zaka zitatu zotsatizana kuyambira mu 1974, sinapambanepo Safari, ndipo Porsche 911 nayo inakhalapo yachiwiri kangapo koma sinafike pa nambala 1 m'zaka zimenezo. Pachifukwa chimenechi, wosankha galimoto ayenera kulowa kunsi kwake n'kuyang'ana kutalika kwa mimba kuchokera pansi, kulimba kwa malo omangapo mashoko, ndiponso ngati pali dzimbiri, pakuti thupi lodyeka ndi dzimbiri silingalimbe ngakhale ataikamo zipangizo zatsopano zokhazokha. Thupi likapezeka labwino, amaliwotcherera m'malo onse olumikizira, ndipo kunsi kwa injini amamangako chimbale chachitsulo choteteza sampu, chimene ndi chibeseni chosungira oyilo, chifukwa mwala umodzi ukabowola pamenepo injini imauma n'kuferatu.

Chachinayi ndi funso lakuti galimoto iziyendera matayala awiri kapena onse anayi, ndipo mbiri ikupereka yankho losiyana ndi limene ambiri amayembekezera. M'zaka za m'ma 1980, magalimoto oyendera matayala onse anayi monga Audi Quattro ndi Peugeot 205 T16 ankagonjetsa anzawo ku Ulaya, koma ku Kenya mpikisano wa Safari unatengedwa zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1984 mpaka 1986, ndi Toyota Celica yoyendera matayala akumbuyo okha, poyendetsa Björn Waldegård kawiri ndi Juha Kankkunen kamodzi. Galimoto yoyendera matayala anayi imakhala ndi madifu ndi mashafuti owonjezera, zimene zimachulukitsa kulemera komanso malo amene angathyoke, ndipo inapambana Safari koyamba mu 1987, pamene Hannu Mikkola anafika patsogolo ndi Audi 200 Quattro. Izi sizikutanthauza kuti matayala anayi n'ngopanda ntchito, pakuti pa mpikisano wa Dakar, umene mbali yake yaikulu ndi mchenga wa m'chipululu, Mitsubishi Pajero inapambana maulendo 12. Tanthauzo lake n'lakuti chipangizo chilichonse chowonjezera chiyenera kukhala ndi chifukwa chochokera m'njira imene galimotoyo ikayende, ndipo ngati njirayo sikuchifuna ndi bwino kuchisiya.

Chachisanu ndi kupezeka kwa masipeya ndi anthu odziwa kuikonza galimotoyo. Nkhani ya Roger Clark ili ndi mbali inanso yophunzitsa: difu yake itathyoka ku Australia, iye anapeza Cortina ya munthu wamba m'mbali mwa msewu, ndipo atamunyengerera mwini wake anagula ekisilo ya kumbuyo ya galimotoyo n'kuimanga pa yake, kotero kuti anamaliza ulendo ngakhale mwayi wopambana unali utapita. Zimenezi zinatheka chifukwa ma Cortina anali ochuluka m'dzikolo, ndipo galimoto yosowa ikanathera pomwepo. Chitsanzo china ndi cha Joginder Singh wa ku Kenya, amene mu 1965 pamodzi ndi m'bale wake Jaswant anapambana Safari ndi Volvo PV544 yogwiritsidwa kale ntchito, imene inali itathamanga kale pa mpikisano wa chaka cham'mbuyo, ndipo abale awiriwo anaikonza okha asanalowe nayo mpikisano. Munthu amene waphwasula ndi kumanganso galimoto yake amamva phokoso lachilendo msanga ndipo amadziwa pamene likuchokera. Magalimoto a Datsun, amene Edgar Herrmann anapambana nawo mu 1970 ndi 1971 ndipo Shekhar Mehta anapambana nawo kasanu, mu 1973 ndiponso kuyambira 1979 mpaka 1982, anali ndi mwayi womwewo wokhala osavuta kukonza, ndipo anthu a ku Malawi ndi ku Zambia amene akukumbukira ma Datsun ndi ma Peugeot akale onyamula katundu m'misewu ya kumidzi sangadabwe nazo.

Pa mfundo imeneyi magalimoto amakono ali ndi ubwino wake komanso vuto lake. Injini yolamulidwa ndi kompyuta siwonongeka kawirikawiri ndipo imadzisinthira yokha mlingo wa mafuta ikakwera mapiri, koma kachipangizo kamodzi kamagetsi kakafa galimoto yonse imaima, ndipo vutolo silioneka ndi maso popanda makina opimira. Galimoto yakale ya kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya popanda magetsi, imafuna kuisamalira pafupipafupi, koma makaniko wa pa galaja ya m'mbali mwa msewu angathe kuimasula, kuitsuka ndi kuibwezeretsa. Wosankha galimoto yamakono ayenera kunyamula tizipangizo tamagetsi tofunika kwambiri pamodzi ndi makina opimira, ndipo aphunzire kuwagwiritsa ntchito asananyamuke.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kulemera. Mantha amachititsa anthu atsopano pa mipikisano kunyamula masipeya a pafupifupi chilichonse, koma katundu wochulukayo ndi amene amathyola masipuling'i, kuphulitsa matayala, kutenthetsa mabuleki ndi kutitimiza galimoto m'matope, moti sipeya amene ananyamulidwa kuti adzapulumutse ulendo amasanduka choyambitsa vuto. Akatswiri amanyamula matayala awiri apadera, mashoko, malamba a injini, mapaipi a madzi, sefa, jeke wodalirika ndi zida zochepa zoyenerana ndi mabauti a galimoto yawo, ndipo zolemera zonse amaziika pansi ndiponso pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, osati padenga. Galimoto yoyenera ndi imene inapangidwa kuti izinyamula anthu anayi kapena asanu ndi katundu wawo, pakuti ikachotsedwa mipando yakumbuyo imatsala ndi mpata wonyamulira mafuta owonjezera popanda kupitirira mlingo wake. Ichi ndi chifukwa china chimene Mercedes-Benz 280E, galimoto yaikulu ya banja, inapambanira mpikisano wachiwiri wa London kupita ku Sydney mu 1977, woyendetsa ali Andrew Cowan yemwe uja.

Anthu okhala m'katimo nawonso ndi mbali ya kudalirika kwa galimoto, chifukwa dalaivala wotopa ndi phokoso, kutentha ndi fumbi amalakwitsa, ndipo wolondolera njira amene sangathe kuwerenga mapu chifukwa cha kugwedezeka amasocheretsa gulu. Mipando yabwino, malamba olimba, magetsi owala usiku, chozimitsira moto ndi chimango cha mapaipi achitsulo chotchinjiriza anthu galimoto ikagubuduzika n'zofunika monga mmene injini ilili. Ngozi zina sizipeweka ngakhale galimoto ikhale yabwino motani: mu 1968 Lucien Bianchi ndi Jean-Claude Ogier ankatsogola ali mu Citroën DS pamene anawombana ndi galimoto ya munthu wamba pafupi ndi Nowra, atatsala pang'ono kufika ku Sydney, ndipo mu 1963 Erik Carlsson anataya utsogoleri wa Safari atagunda nyama yakutchire ndi Saab yake. Kusankha bwino sikuchotsa tsoka, koma kumathandiza kuti anthu atuluke amoyo likagwa.

Masiku ano mipikisano yambiri ya mtundu umenewu ndi ya magalimoto akale. Ulendo wa Peking kupita ku Paris unatsitsimutsidwa mu 1997 ndipo wakhala ukuchitikanso kuyambira mu 2007, ndipo ambiri olowa m'gulu la magalimoto opangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe amasankha Chevrolet ya zitseko ziwiri, mtundu umene Juan Manuel Fangio anapambana nawo mu 1940 pa ulendo wochokera ku Buenos Aires kukafika ku Lima ndi kubwerera. Ku Kenya, East African Safari Classic inayamba mu 2003, ndipo Porsche 911, imene inalephera kupambana Safari yakale ija, yapambanako kangapo, kuphatikizapo mu 2011 ndi Björn Waldegård ndiponso mu 2015 ndi Stig Blomqvist. Kusintha kumeneku kukutsimikiza kuti palibe galimoto imodzi yoyenera mipikisano yonse, pakuti mpikisano watsopanowu umathamangidwa masana, amakaniko amakonza magalimoto madzulo, ndipo mashoko amasiku ano ndi olimba kwambiri kuposa a m'zaka za m'ma 1970.

Pomaliza, galimoto ikasankhidwa ndi kukonzedwa siyenera kupita ku mpikisano isanayesedwe. Iyenera kunyamula katundu yense amene idzanyamule pa ulendo, n'kuyenda makilomita ambirimbiri m'misewu yofanana ndi ya kumene ikupita, usana ndi usiku, kuti bauti iliyonse yomasuka, paipi iliyonse yokhulana ndi chitsulo ndi waya uliwonse wosamangika bwino zioneke eni ake adakali pafupi ndi galaja yawo. Ndalama zimene zilipo ziyambe zapita ku thupi, miyendo, mabuleki, matayala ndi kuziziritsa injini, ndipo zowonjezera mphamvu zibwere pambuyo ngati pali zotsala. Dalaivala ndi mnzake aphunzire kusintha tayala, shoko ndi lamba wa injini mu mdima, pogwiritsa ntchito zida zokhazo zimene zili m'galimotomo, chifukwa nthawi imene ntchito zimenezi zimatenga imawerengedwa pa chilango mofanana ndi nthawi yotayika pa msewu.